Zitsamba za pagoda zikuuma m'gadeni: kodi moto kapena phulusa zingazipulumutse?

Funso: Ndine Mmalawi ndipo ndimagwira ntchito ya m'gadeni ku Somerset West, kufupi ndi Cape Town. Abwana anga anagula ku nazale zitsamba zitatu za maluwa ofiira zotchedwa pagoda, ine n'kuzibzala m'mphepete mwa kapinga m'mwezi wa Novembala. M'maenje ndinathiramo manyowa a nkhuku ndi ufa wa mafupa, ndinkapalira bwinobwino ndi kuthirira madzulo aliwonse, koma pofika Febuluwale ziwiri zinali zitauma. Mnzanga akuti zitsambazi zimafuna moto, choncho nditenthe udzu pafupi ndi chotsalacho kapena ndithirepo phulusa. Kodi ndi zoona? Nanga mbewu zake ndingapite nazo kumudzi?

Yankho: Bambo, musayatse moto uliwonse m'gadenimo, ndipo phulusalo musathire. Mnzanuyo anamva nkhani yoona, chifukwa moyo wa zitsamba zimenezi kuphiri umayenderadi moto, koma ntchito imene moto umagwira kumeneko si yochiritsa chitsamba chodwala. Zitsamba zanu ziwirizo sizinafe chifukwa chosowa moto. Zinafa ndi chisamaliro chimene chimanga kapena repu zikadachiyamikira: chakudya chambiri, khasu, ndi madzi a tsiku ndi tsiku m'nyengo yotentha.

Pagoda ndi dzina la m'manazale la kagulu ka zitsamba kamene akatswiri a zomera amakatchula kuti Mimetes. Kaguluka ndi kakang'ono, ka mitundu 13 yokha, ndipo ndi ka m'banja limodzi ndi protea, duwa lalikulu lija la dziko la South Africa. Mitundu yonseyi imamera mwachilengedwe kum'mwera ndi kum'mwera chakumadzulo kwa dzikolo basi, m'tchire la zitsamba zazifupi za masamba olimba lotchedwa fynbos, limene lakuta mapiri amene mumawaona mukayang'ana ku Helderberg, ku Hottentots Holland ndi ku Kogelberg. Chigawo chonse cha zomera za ku Cape n'chocheperapo poyerekeza ndi dziko la Malawi, koma muli mitundu ya zomera pafupifupi 9,000, ndipo magawo awiri mwa atatu a mitunduyi sapezeka kwina kulikonse pa dziko lapansi. Umene umagulitsidwa kawirikawiri, ndipo ndikukhulupirira kuti ndi umene muli nawo, ndi Mimetes cucullatus, umene anthu olankhula Afrikaans amati rooistompie. Mukauyang'anitsitsa mudzaona kuti kufiira kumene kumaonekera patali si kwa maluwa enieni. Ndi masamba a kunsonga kwa nthambi amene amasanduka ofiira, ndipo tsamba lililonse limapindikira pamwamba pa kamutu ka maluwa kamene kabisala m'khwapa mwa tsamba la m'munsi mwake. M'kamutumo mumatuluka timitsitsi toyera tofewa pamodzi ndi timapesi tofiira tolimba, ndipo mbalame zotsopa maluwa, sugarbird ya mchira wautali ndi ma sunbird, zikamalowetsa mlomo kufuna timadzi totsekemera, timapesito timazipaka mungu pamutu.

Chinsinsi cha chitsambachi chili m'nthaka imene chinachokera. Mapiri a ku Cape ndi a mwala wa mchenga, ndipo mwalawo ukaphwanyika umasiya mchenga woyera kapena wotuwa, wa asidi wambiri, umene mvula ya zaka zosawerengeka inaukokolola chakudya chonse. Chosowa kwambiri m'mchengamo ndi fosifolasi, mchere uja umene mlimi wa chimanga amaufuna akamagula feteleza wokulitsa, monga uja wa 23:21:0, pakuti nambala yapakatiyo ndiyo imaimira fosifolasi. Kuti zikhale ndi moyo pa nthaka yosauka chotero, zomera za banja la protea zimatulutsa mizu ya mtundu wapadera m'nyengo ya mvula. Pafupi kwambiri ndi pamwamba pa nthaka, m'munsi mwenimweni mwa zinyalala za masamba, muzu umodzi umabala timizu tambirimbiri tatifupi, tothithikana m'magulumagulu, ndipo timizuto timatulutsa asidi amene amasungunula kafosifolasi kochepa komatirira ku mchenga kuti chomera chiyamwe. Vuto lake ndi lakuti mizu imeneyi inazolowera kuyamwa chilichonse chimene yapeza, ndipo siidziwa bwino kuleka. Mukaipatsa ufa wa mafupa, manyowa a nkhuku, superphosphate kapena feteleza wa 2:3:2 amene amathiridwa m'magadeni ambiri kumeneko, imayamwabe mpaka fosifolasiyo atadzaza m'masamba n'kusanduka poizoni. Zizindikiro zake zimayamba ndi masamba anthete amene amachita chikasu, chifukwa fosifolasi wochuluka amatsekereza ayironi, kenako nsonga za masamba aakulu zimada ngati zawauka, masamba n'kuyamba kuthothoka kuchokera m'munsi. Wosadziwa akaona chikasucho amaganiza kuti chomera chili ndi njala ndipo amawonjezera feteleza, potero amafulumizitsa imfa yake. Manyowa ochokera m'nyumba zolimiramo bowa, amene amagulitsidwa m'matumba ndipo abwana ambiri amawakonda, ndi oipa pawiri, pakuti ali ndi fosifolasi komanso laimu amene amapha asidi wa m'nthaka.

Komabe, ndikaona miyezi imene mwatchulayi, ndikuganiza kuti chimene chinamaliza zitsambazo ndi madzi. Nyengo za ku Cape zimasemphana ndi za kwathu. Ife mvula yathu imagwa kukutentha, kuyambira Novembala mpaka Epulo, ndipo mbewu zathu zinazolowera nthaka yofunda yonyowa. Ku Cape mvula imagwa kukuzizira, makamaka kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, ndipo miyezi yotentha imakhala youma ndi ya mphepo yamphamvu. Mizu ya pagoda imadziwa nthaka yozizira yonyowa, imadziwanso nthaka yotentha youma, koma nthaka yotentha yonyowa nthawi zonse ndi yachilendo kwa iyo, ndipo imeneyo ndiyo imakondweretsa kachilombo koola mizu kotchedwa Phytophthora cinnamomi. Kachilomboka kanadziwika koyamba mu 1922 pa mitengo ya sinamoni ku Sumatra, ndipo ndi komweko kamene kamaumitsa mitengo ya mapeyala m'minda yambiri. Timbewu take timasambira m'madzi a pakati pa nthaka kufunafuna mizu, choncho madzi akamaima, makamaka usiku wofunda, timafalikira msanga. Chitsamba chogwidwa chimaoneka bwinobwino kwa masabata, kenako tsiku limodzi lotentha masamba onse amatuwa n'kuuma ali pomwepo pa nthambi. Ngati simunataye zouma zija, tengani mpeni mupale khungwa pamene tsinde likulowera m'nthaka. Mkati mwa chitsamba chamoyo mumakhala moyera kapena mobiriwira, pamene m'chimene chaola ndi matendawa mumakhala mwa mtundu wa khofi, ndipo mukachizula timizu ting'onoting'ono timakhala takuda kapena tatha kale. M'mphepete mwa kapinga ndi malo oopsa kwambiri pa chifukwa chimenechi, chifukwa mipopi yothirira kapinga imawaza madzi kawirikawiri, ndipo feteleza wa kapingayo amatsikira komweko.

Khasu nalo linachita mbali yake. Timizu tija tili pamwamba penipeni, moti kupalira kumodzi kokha kumatidula, ndipo bala lililonse ndi khomo la matenda.

Tsopano za moto. Tchire la fynbos limapsa mwachilengedwe, kawirikawiri pakatha zaka za pakati pa 10 ndi 20, ndipo nyengo yake ndi kumapeto kwa miyezi yotentha, cha m'ma Febuluwale mpaka Epulo, mvula itatsala pang'ono kuyamba. Mitundu ya Mimetes imakumana ndi motowu m'njira zosiyana, ndipo m'kusiyana kumeneku ndimo muli yankho la mnzanu uja. Rooistompie ili ndi chitsa chonenepa chobisika m'nthaka, chosunga chakudya ndi maso ophukira. Moto ukadutsa nthambi zonse zimapsa, koma pakapita milungu ingapo mphukira zofiira zimatuluka pa chitsacho. N'chifukwa chake mtunduwu ndi wofala kuposa ina yonse, ndipo n'chifukwa chakenso pa phiri lopsa umaoneka wokongola kwambiri m'zaka zoyambirira. Koma zindikirani kuti chitsacho chimatenga zaka kuti chikhwime. Kachitsamba kongochoka kumene m'thumba la pulasitiki la ku nazale kalibe chitsa chopirira moto, ndipo kakatenthedwa kamangofa. Palinso Mimetes fimbriifolius, umene umamera pa Cape Peninsula pokha. Umenewu umakula n'kukhala kamtengo ka khungwa lochindikala, ndipo ukakhwima moto wapansi umaudutsa osaupha. Kale unali wambiri pa Table Mountain, koma anthu a mumzinda wa Cape Town anaudula kwambiri pofuna nkhuni.

Mitundu ina yonse yotsala imafa ndi moto. Chimene chimapulumuka ndi njere zokha, ndipo njerezo zimapulumuka chifukwa cha nyerere. Njere ya Mimetes ndi yolimba, yosalala, ndipo imakutidwa ndi kachikopa koyererako ka mafuta kamene nyerere za m'derali zimakakonda kwambiri. Njere ikangogwa pansi sipatenga nthawi nyerere isanaipeze. Imaigwira ndi zibwano pa kachikopako, n'kuikhwekhwereza pa mchenga, nthawi zina zingapo mothandizana, mpaka kuilowetsa kuuna. Kumeneko zimadya kachikopa kokha. Njere yosalalayo sizingathe kuiboola kapena kuigwira bwino kuti ziitulutse, choncho imatsalira pansi pa nthaka, kumene mbewa siingaifike ndiponso kutentha kwa moto sikungaiphe. Mauna a nyererewo amakhala ngati nkhokwe ya phiri lonse, ndipo njere zimatha kudikiramo zaka zambiri. Moto ukadza umachotsa mthunzi wonse, nthaka yakuda yosavalayo imatentha masana n'kuzizira kwambiri usiku, ndipo kusinthasintha kumeneku pamodzi ndi mvula yoyamba ya m'nyengo yozizira ndiko kumadzutsa njere. Mbande zimamera pa malo opanda zopikisana nazo, mbewa zitachepa, ndiponso kaphulusa kopyapyala katabwezera m'nthaka chakudya chochepa chimene tchire linasunga zaka zonsezo.

Mu 1984 akatswiri awiri, William Bond ndi Peter Slingsby, anasindikiza zimene anapeza ku Kogelberg atafufuza pa rooistompie yomweyi. Kumalo kumene kunalowa nyerere zazing'ono zochokera ku Argentina, zimene zinafika ku Cape kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1900, nyerere za m'derali zinathawa. Zachilendozo zimadya kachikopa ka mafuta pamtunda pomwepo, njere n'kuisiya poyera, ndipo mbewa zimaitola kapena moto umaipsereza. Moto utadutsa, mbande zinamera zochepa kwambiri kumalo amenewo poyerekeza ndi kumene nyerere za m'derali zinalipobe. Nyerere zofiirira zimene zimapanga mizere kukhitchini ndi m'miphika ya maluwa m'nyumba zambiri za ku Cape Town nthawi zambiri zimakhala zomwezo, ndipo zimayenda ndi zinyalala za m'magadeni zimene anthu amakataya m'mphepete mwa phiri. Inu ogwira ntchito m'magadeni muli ndi mbali pamenepa: zodulidwa ndi dothi la m'gadeni zizipita kumalo otayirako zinyalala, osati kutchire.

Nkhani imene imasonyeza bwino kuleza mtima kwa njerezi ndi ya Mimetes stokoei, mtundu wotchedwa dzina la Thomas Stokoe, munthu amene anayenda kwambiri m'mapiri a ku Cape kutola zomera ndipo anaupeza m'zaka za m'ma 1920. Chitsamba chomaliza chodziwika chinafa chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960, ndipo mtunduwo unalembedwa kuti unatha. Mu 1999 moto waukulu unatentha Kogelberg, ndipo mu 2001 kagulu ka zitsamba zake kanapezeka katamera pamalo ena okwera. Njere zinali m'nthaka nthawi yonseyo. Mtundu wina, Mimetes chrysanthus wa maluwa achikasu, sunadziwike n'komwe kwa akatswiri mpaka 1987, pamene unapezeka ku Gamkaberg, m'dera louma la Little Karoo.

Izi sizikutanthauza kuti moto uliwonse ndi wabwino, ndipo pano ndi pamene anthu ambiri amasokonekera. Mbande yomera pambuyo pa moto imafuna zaka zingapo kuti iyambe maluwa, ndi zina zingapo kuti ibweze m'nthaka njere zokwanira. Moto ukabwera msanga, tinene pakangotha zaka zinayi kapena zisanu, umapha mbande zisanabereke, ndipo zikachitika kawiri kapena katatu motsatizana mtunduwo umatha pa phirilo. Moto ukachedwa kwambiri, zitsamba zimakalamba n'kufa, mbande zatsopano osamera. Oyang'anira nkhalango anaphunzira zimenezi movutikira ndi wachibale wa pagoda, Orothamnus zeyheri: anauteteza ku moto kwa zaka zambiri poganiza kuti akuusunga, zitsamba zinkangochepa, ndipo mbande zinadzamera zambiri malowo atatenthedwa. Masiku ano vuto lalikulu ndi la moto wobwera pafupipafupi chifukwa cha anthu, komanso moto wotentha mopitirira chifukwa cha mitengo yachilendo monga paini, hakea, Port Jackson ndi rooikrans, imene imachulukitsa nkhuni pa phiri moti kutentha kumalowa pansi n'kupha njere zomwe. Moto wa mu Epulo 2021 umene unatsika pa Table Mountain n'kuwononga laibulale ya Jagger ya pa yunivesite ya Cape Town ukusonyeza chifukwa chake akuluakulu a mzinda sachita chibwana ndi woyatsa moto panja popanda chilolezo. Kutentha udzu m'gadeni m'mwezi wa Febuluwale, mphepo ija ikuomba, kungakutayitseni ntchito ndiponso kukufikitsani kubwalo la milandu.

Phulusa la pa mbaula kapena la powotchera nyama (braai) silifanana ndi la kuphiri. Limathiridwa lambiri pamalo amodzi, limapha asidi wa m'nthaka ndipo lili ndi mchere wochuluka, choncho ku chitsamba chofooka kale likhoza kungomaliza. Mnzanuyo mwina anamvanso za utsi. N'zoona kuti mu 1990 akatswiri a ku South Africa anasonyeza kuti utsi umadzutsa njere za zomera zina za fynbos, ndipo ku Kirstenbosch, munda wa zomera wa ku Cape Town, anapanga timapepala tonyikidwa mu utsi toviikira njere. Koma zimenezo ndi za njere, ndipo pa njere za Mimetes chofunika kwambiri ndi kuchotsa kachikopa kaja ndi kufesa pa nyengo ya masana ofunda ndi usiku wozizira. Ofesa amaziviika tsiku lathunthu m'madzi osakaniza ndi mankhwala a hydrogen peroxide ochepa kwambiri, gawo limodzi pa 100, kenako amatikita kachikopako mpaka kachoke.

Chitsamba chotsalacho chitani nacho motere. Lekani kuthirira madzulo, ndipo mutembenuze mpopi wa kapinga kuti usachifike. Thirirani m'mawa kwambiri, kawiri pa sabata m'miyezi yotentha, madzi okwanira kulowa pansi, ndipo musanathirirenso pisani chala m'nthaka kuti muone ngati yayamba kuuma. Mvula ikayamba musathirirenso. Manyowa amene akuoneka pamwamba muwachotse ndi manja mosamala, osakumba. Udzu muzizula ndi dzanja udakali waung'ono, dzanja lina litapsinja nthaka, ndipo waukulu muzingoudula pansi. Phimbirani nthaka ndi makungwa a paini kapena masamba ake ouma kuti mizu izizizira, koma musiye mpata kuzungulira tsinde kuti lisamakhale lonyowa. Musachisamutse tsopano. Ngati mkati mwa tsinde mwayamba kale kuda, chitsambacho n'chovuta kuchipulumutsa, ndipo ndi bwino kuwauziratu abwana anu zimenezi chisanaume.

Akafuna kugula zina, apempheni adikire mpaka Epulo kapena Meyi, kuti mizu ikhazikike ndi mvula yozizira chilimwe chisanafike. Musabzale m'maenje akale aja, chifukwa matenda ndi fosifolasi zikadali momwemo. Sankhani malo a dzuwa tsiku lonse, opita mphepo, otsetsereka pang'ono. Madera ena a Somerset West ali ndi dothi la makande losunga madzi, ndipo ngati gadeni yanu ndi yotero, unjikani mchenga wosakaniza ndi makungwa a paini oola n'kubzala pamwamba pa muluwo. M'dzenje musathiremo chakudya chilichonse, ndipo pochotsa chomera m'thumba musamasule dothi la ku mizu. Rooistompie yokhwima mukhoza kuidulira kwambiri ikamaliza maluwa, pakuti imaphukanso kuchokera pachitsa, koma mitundu ina musaidule kupitirira pamene pali masamba amoyo. Abwana akakopeka ndi mitundu yosowa, monga Mimetes argenteus wa masamba onyezimira ngati siliva, afunse ku nazale ngati ndi yomezanitsa, chifukwa mitundu imeneyi imakhalitsa m'gadeni ikamezanitsidwa pa tsinde la Leucospermum, chitsamba china cha banja lomweli, lopirira matenda a mizu. Tsiku lina la tchuthi mupite ku Harold Porter, munda wa zomera wa boma umene uli ku Betty's Bay, ulendo waufupi kuchokera kumene muliko, mukaone nthaka imene zitsambazi zimakondwa nayo. Mukaigwira m'manja mudzadabwa kuti pamamera kanthu.

Za kupita nazo kumudzi, pali zopinga ziwiri. Choyamba ndi lamulo. Zomera za banja la protea n'zotetezedwa ku Western Cape, moti kuthyola maluwa, kutola njere kapena kuzula mbande kutchire popanda chilolezo cha CapeNature, bungwe la boma losamalira zachilengedwe m'chigawocho, ndi mlandu, ndipo mbande yozulidwa kuphiri siipulumuka n'komwe. Njere zogula mwalamulo nazonso zimafuna zikalata za zaumoyo wa zomera kuti zidutse pa chipata cha dziko. Chachiwiri ndi nyengo ija. Mvula yathu yogwa kukutentha, pa dothi la katondo kapena la makande, ndiyo ndendende imene inapha zitsamba zanu ziwiri, choncho ku Lilongwe, ku Mangochi kapena ku Chikwawa ndalama zanu zingangopita pachabe. Ngati chimene mukufuna ndi duwa la banja limeneli pakhomo panu, Malawi ali ndi ma protea akeake, amene amamera ku Nyika, ku Viphya, pa phiri la Zomba ndi la Mulanje. Amenewo anazolowera mvula ya m'dzinja ndi moto wa m'chilimwe, ndipo ambiri amaphukanso pachitsa tchire likapsa. Nawonso safuna feteleza wa chimanga kapena khasu pafupi ndi mizu yawo, ndipo ngati kwanu ndi kumtunda kozizira, a ku National Herbarium and Botanic Gardens ku Zomba ndi amene mungawafunse za mtundu woyenera dera lanu.